Chaulere ndi Nkhoswe: Kuyesa Mau a m'Chiphunzitso cha Ukwati wa Chikatolika

Mwa mau onse amene Akatolika a kuno ku mapiri a Dedza amatchula pophunzitsa za ukwati ndi za banja, alipo awiri amene asenza katundu wolemera kuposa anzao, ndiwo chaulere ndi nkhoswe. Liu loyambalo linena za mphatso imene Mulungu apatsa mwamuna ndi mkazi pamene akwatirana m'tchalitchi. Lachiwirilo linena za Maria, Yosefe ndi oyera ena amene banja liwapempha kuti alipempherere. Mau awiriwa anatoledwa pabwalo ndi pamtondo, kumene anali ndi nchito yao kale, ndipo anasenzetsedwa nchito yatsopano. M'nkhani ino ndifuna tiwayese monga mmisiri ayesa mtengo asanauike padenga, tione pamene alimba ndi pamene afuna mzati wina wowachirikiza. Inu amene mukuphunzira uphunzitsi nkhaniyi ikukhudzani kawiri: mudzaima pamaso pa ana amene amva mauwa tsiku ndi tsiku kwao, ndiponso sipadzapita zaka zambiri anthu a m'mudzi asanakupempheni kuti mukhale alangizi kapena ankhoswe a banja lina, pakuti mphunzitsi sathawa milandu ya pamudzi.

Tiyambe takumbukira kumene mauwa anadzera. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ya Mtakataka mu 1908, ndi ya Bembeke, pamtunda pozizira pano, mu 1910. Anapeza Achewa, amene mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi monga mkamwini, ana nakhala a mbumba ya mai wao. Anapezanso Angoni a kwa Kachindamoto ndi a kwa Gomani, amene makolo ao anadza ndi mwambo wa lobola, ngakhale kuti miyambo iwiriyi inali itayamba kale kudyera m'mbale imodzi. Wofuna kudziwa mikangano ya masiku amenewo, ya sukulu ndi nyau, ya ansembe ndi eni mbumba, awerenge buku la Ian Linden la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa m'zaka za 1889 mpaka 1939. Kwa ife chofunika nchakuti katekisimu ndi mapemphero zinamasuliridwa ndi alendo, mothandizidwa ndi aphunzitsi a m'midzi, mwana wa dziko lino asanakhale wansembe. Ambuye Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa m'dziko muno, anadzozedwa mu 1937, nadzozedwanso uepiskopi wa Dedza mu 1957. Pamenepo nkuti mau tikuyesawa atazika kale mizu, ana ndi makolo atawaloweza pamtima.

Liu la Chilatini lakuti gratia liri ndi nthambi zitatu: kukondweretsa kwa munthu amene anzake amkonda pongomuona, mphatso yopatsidwa popanda mtengo, ndi kuthokoza kwa wolandira. Omasulira sanapeze liu limodzi la Chinyanja lokhala ndi nthambi zonsezi, tsono mpingo uli wonse unathyola nthambi yake. Amene anatulutsa Buku Lopatulika mu 1922 anatenga chisomo. Akatolika anatenga chaulere. Kotero mai wa ku Bembeke ndi mnzake wa ku Mlanda, ogulitsa kachewere pamsika umodzi wa Lizulu, anena za chinthu chimodzi ndi mau awiri, ngakhale kuti masiku ano, chifukwa cha wailesi ndi nyimbo za mipingo ina, Akatolika ambiri atchulanso chisomo osazindikira kuti abwereka.

Chisomo ndi liu lokoma m'khutu, ndipo ndicho chifukwa chake makolo alikonda potcha ana maina. Koma funsani nkhalamba ya pamudzi kuti munthu wachisomo ndani. Idzakuuzani kuti ndi uja amene anthu amkonda popanda chifukwa chooneka, amene akayala malonda ake atha msanga pamene a mnzake aola. Liuli liyandikana kwambiri ndi mwai. Likalowa m'banja bvuto lake lioneka msanga, pakuti anthu akati banja lakuti liri ndi chisomo, kawirikawiri maso ao ali pa malata, pa ng'ombe ndi pa ana athanzi. Ndipo banja limene lakhala zaka khumi popanda mwana, kapena limene matalala awononga munda wake, liyesedwa losowa chisomo, ngati kuti Mulungu analidumpha pogawa. Chiphunzitso cha Eklezia sichitero ai. Ukwati wa anthu osabala ndi sakramenti lathunthu monga wa anthu obala ana khumi.

Chaulere chiribe kukoma kotero m'khutu, komatu pa nkhani ya ukwati chiri ndi mphamvu imene sitiiyamikira mokwanira. Talingalirani: pa ukwati wa kwathu palibe kanthu kamene kadza chabe. Mnyamata apereka chikole. Mngoni apereka ng'ombe kapena ndalama m'malo mwake. Mkamwini alima munda wa apongozi ndi kuwamangira nkhokwe. Ngakhale tambala wa pa chinkhoswe abwezedwa ndi msoti. Zonse ziwerengedwa, zonse zikumbukiridwa, ndipo tsiku la mlandu zidzatchulidwa chimodzichimodzi. Tsono pakati pa zinthu zonsezi katekisimu inaika chinthu chimodzi chimene palibe anachilipira, chimene mtsibweni sangachiitanitse ukwati ukabvuta, chimene wolemera ndi wosauka alandira muyeso umodzi. Amene anasankha liuli, kaya anali Mfalansa kaya mphunzitsi wa ku Mua, anaponya pa nyama.

Kufooka kwake kuli m'kapangidwe ka liulo. Chaulere ndi mau awiri olumikizidwa, cha ndi ulere, ndipo cha ameneyu aloza ku chinthu. Mwana akamva kuti chaulere chilandiridwa, chiwonjezeka, chitayika ndi tchimo lalikulu, chibwezedwa m'kulapa, m'mutu mwake mudza chithunzi cha thumba la ufa. Ndipo kuyambira 1994, pamene boma linachotsa ndalama za sukulu ya pulaimale, ana nachuluka kuchokera pafupi 1.9 miliyoni kufika pafupi 3 miliyoni, liu lakuti ulere lamveka kwambiri pakamwa pa andale, pa chimanga cha nthawi ya njala ndi pa zina zogawidwa, kotero kuti kwa ambiri chaulere ndi chinthu chopanda mwini, chimene ufola pamzere nulandira, nupita osachisamala. Mwamuna woganiza motero ayesa kuti analandira gawo lake tsiku la ukwati, basi kwatha. Koma Papa Pius XI, m'kalata yake ya 1930 yonena za ukwati, anachenjeza kuti mphatso ya sakramentili ikhala ngati ndalama yokwiriridwa m'munda ngati okwatiranawo saigwiritsa nchito. Omasulira Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anatulutsa pamodzi mu 1998, anaona bvuto la mau onse awiri, ndipo m'malo ambiri analemba za kukoma mtima kwa Mulungu. Pamenepo mphatso yabwerera m'manja mwa Mwini wake, ndipo nzabwino. Chotsala nchakuti kukoma mtima kukhala mwa wopatsayo, pamene katekisimu ifuna kunenanso za mphamvu imene ilowa mwa wolandira, yomkhozetsa kukhululukira mnzake kachisanu ndi chiwiri. Ine ndiona kuti chaulere chisungidwe, koma mphunzitsi asachitchule chokha ngati katundu. Anene kuti ndani apatsa, ndi kuti wolandirayo akhoza kuchita chiani lero chimene dzulo chinamkanika.

Pali liu lina laling'ono limene lachita zoipa zambiri kuposa awiriwa, ndilo woyera. M'chinenero chathu nsalu yochapidwa njoyera, ufa wa m'mphale ngwoyera, Mzungu ngwoyera, ndipo Yosefe ndi Woyera. Tsono tikati ukwati woyera, katekisimu itanthauza ukwati wopatulidwa ndi Mulungu, koma msungwana ndi mai wake amva chobvala choyera, galimoto zokongoletsedwa, holo ndi perekaniperekani. Zotsatira zake muzidziwa nonse: anthu amene anachita chinkhoswe kalekale, nabala ana, akhala zaka zambiri osadalitsa ukwati wao ndi osalandira Ukaristia, poyembekeza chaka chimene fodya kapena kachewere adzagulidwa bwino. Chinthu chimene tinachitcha chaulere chasanduka chodula koposa zonse pamudzi. Komatu chiyambire Msonkhano wa ku Trent mu 1563, chimene Eklezia afuna kuti ukwati ukhale woona ndi kubvomerezana kwa awiriwo pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri. Ndipo malamulo a Eklezia a 1983 anena poyera kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wao. Pano chinenero chathu chiri ndi nzeru imene tiyenera kuwaonetsa ana. Timati wansembe amangitsa ukwati, sitinena kuti amanga. Kachidutswa kakuti -itsa kasonyeza kuti omanga ndi eni ake awiriwo, ndipo ndicho chiphunzitso chenicheni cha Eklezia wa Chilatini, chakuti mwamuna ndi mkazi ndiwo apatsana sakramentili, wansembe nakhala mboni ndi wodalitsa.

Tsopano tifike pa nkhoswe, liu limene ndiliyesa lokoma koposa onse amene Eklezia anabwereka kwa makolo athu, ndiponso lofuna kusamala koposa. Mudziwa kuti kwa Achewa ukwati wopanda ankhoswe ndi chibwenzi chabe, ngakhale anthuwo atabala ana asanu. Kuchimuna kuli nkhoswe, kuchikazi kuli nkhoswe, kawirikawiri mtsibweni kapena mbale wa bere limodzi. Akale anasiyanitsa ankhoswe awiri pa mbali iri yonse. Wamkulu anamutcha mkoko wogona, pakuti iye sayendayenda, akhala pamudzi ndipo milandu yaikulu yokha ndiyo imfika. Wamng'ono anamutcha mkupamame, ndiye amene alawira udzu ukali ndi mame, kukanena kuti mwana wadwala, kapena kuti m'nyumba muja usiku simunagonedwe. Buku Lopatulika linatenga liuli nilipereka kwa Mzimu Woyera pa Yohane 14, ndi kwa Kristu mwini m'kalata yoyamba ya Yohane. Akatolika analitambasula kufikira kwa Maria ndi kwa woyera amene munthu atenga dzina lake pa ubatizo, ndi amene parishi itchedwa naye. Ndipo pamene miphakati inafala m'zaka za m'ma 1970, maepiskopi a kum'mawa kwa Afrika atagwirizana za iyo mu 1973 ndi 1976, ndi Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, ataikhazika mu dayosizi ya Lilongwe, mphakati uli wonse unalandira woyera wake, kotero kuti lero nkhoswe yakumwamba yafika pakhomo peni peni.

Wofuna kuona kuti liuli likwana bwanji awerenge buku la Tobiti, limene liri m'Baibulo la Akatolika koma m'Buku Lopatulika mulibe. Ndidabwa kuti alangizi athu alitchula pang'ono chotere, pakuti m'Malembo onse mulibe nkhani ina yonunkhira kwathu ngati imeneyi. Mnyamata Tobiasi atumidwa ulendo wautali, ndipo atate wake amfunira woperekeza. Asanamlole amfunsa za mtundu wake, monga achitira nkhalamba iri yonse, ndipo mlendoyo adzitchula mbale. Panjira woperekezayo ndiye amuuza mnyamata za Sara, mwana wa Raguele, kuti ndi wa pachibale ndi woyenera kumkwatira. Atafika, mnyamatayo apempha woperekeza wake kuti amnenere kwa atate a mkazi. Ukwati utachitika, Tobiasi agwidwa ndi apongozi kuti akhale masiku 14, ndipo amene apita kukatenga ndalama kwa Gabaele ndi kumuitanira ku phwando ndi woperekeza yemwe uja. Kodi ameneyu si mkupamame? Potsiriza mkazi atengedwa kunka kwao kwa mwamuna, makolo ake atabvomera ndi kumlangiza, chimene ife tichitcha chitengwa. Pamenepo mpamene woperekeza aulula kuti ndiye mngelo Rafaele, ndi kuti pamene Tobiti ndi Sara anali kupemphera, yense kwao ndi misozi yake, iye ndiye anali kufikitsa mapempherowo pamaso pa Mulungu. Mwana wa Standade 5 amene anaonapo chinkhoswe adzamva nkhaniyi msanga kuposa mwana wa ku Paris. Chimodzimodzi ukwati wa ku Kana pa Yohane 2: Maria aona kuti vinyo watha eni phwando asanachite manyazi, auza Mwana wake, nauza otumikira kuti amvere iye, kenaka sitimumvanso. Nkhoswe yabwino itero. Ikafikitsa mau ikhala pansi.

Koma fanizo liri lonse liri ndi malire ake, ndipo mphunzitsi amene sawadziwa adzalowetsa ana m'munda wa eni. Chifukwa chimodzi chimene nkhoswe ikhalira pamudzi nchakuti pali anthu amene sayenera kulankhulana maso ndi maso. Mkamwini wa kale akaona apongozi ake aakazi akudza m'njira ankapatukira kutchire. Mau ake ankayenda mozungulira, kudzera pakamwa pa wina. Tsono tikangoti oyera ndi ankhoswe athu osaonjezapo kanthu, mwana adzamaliza yekha fanizolo, nayesa Mulungu ngati apongozi oopsa amene munthu waulemu sawayandikira. Ndamvapo anthu akulu ndithu, opemphera korona tsiku liri lonse, akunena kuti iwo sangalimbe mtima kulankhula ndi Mulungu mwini, nchifukwa chake adzera kwa Amai. Kudzichepetsa kwao nkokoma, koma chiphunzitsocho nchopotoka, pakuti pemphero limene Ambuye anaphunzitsa liitana Mulungu kuti Atate, ndipo mwana safuna nkhoswe polowa m'nyumba ya atate wake. Paulo polembera Timoteo anena za mkhalapakati mmodzi yekha, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, mu 1964, unanenetsa kuti maina onse aulemu opatsidwa kwa Maria sachotsa kanthu kapena kuonjeza kanthu pa Kristu. Ndichenjezenso anzanga okonda mafanizo kuti asapitirize kunena kuti oyera ndiwo akupamame, Kristu ndiye mkoko wogona. Mkoko umene unayenda pansi kuchokera ku Galileya kufikira ku Gologota sunagone.

Pano galamala itithandiza kuposa ulaliki. Lembani pabolodi mau anai awa: kupempha, kupemphera, kupempherera, kupembedza. Tipempha munthu ali yense, mnansi kapena mfumu. Tipemphera kwa Mulungu. Tipempherera mnzathu, ndipo kachidutswa koonjezedwako kasonyeza kuti nchitoyo ichitidwa kaamba ka wina, monga m'mau akuti kulimira ndi kuphikira. Tipembedza Mulungu yekha. Tsono chimene banja lichita kwa Yosefe ndi kumpempha kuti alipempherere, monga lipempha a mumphakati mwana akagonekedwa m'chipatala. Maepiskopi a Msonkhano Wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 anabvutika kusiyanitsa ulemu wopatsidwa kwa oyera ndi kupembedza koyenera Mulungu. Ife tiri ndi mau ake okonzeka kale, ndipo mkangano wambiri wa pakati pa ana a Chikatolika ndi anzao a mipingo ina pabwalo la sukulu ukanatha mau anaiwa akanaphunzitsidwa bwino m'phunziro la Chichewa.

Malire achiwiri ngakuti nkhoswe ya pamudzi iri ndi mbali. Ya kuchikazi iimira mkazi, ya kuchimuna iimira mwamuna, ndipo pamlandu yense akokera kwake. Oyera alibe kuchimuna ndi kuchikazi. Mkazi amene ayatsa kandulo kuti Maria amkhaulitse mwamuna wake wamuika Maria pa mkeka umene sakhalapo. Aponso ankhoswe a pamudzi aweruza, alipiritsa, ndipo zikakanika asudzula. Woyera sachita chimodzi mwa izi.

Malire achitatu ali pafupi ndi mizimu. Makolo athu anakhulupira kuti akufa sachoka pa mbumba, ndi kuti afikitsa zopempha za amoyo kwa Chauta; Bambo van Breugel anafotokoza zimenezi m'buku lao la chipembedzo cha Achewa. Chikhulupiriro chimenechi ndi mlatho wabwino, ndipo sindifuna kuti muchinyoze pamaso pa ana, pakuti ndicho chichititsa kuti masiku a 1 ndi 2 Novembala, a oyera onse ndi a akufa, amveke msanga kwa anthu athu. Koma mzimu wa pamudzi ukaiwalidwa ukwiya. Utumiza nthenda kapena maloto oipa kufikira aufululira mowa. Mai akanena kuti mwana wadwala chifukwa analeka korona ndipo Maria wakwiya, dziwani kuti mzimu wa agogo wabvala nsalu yobiriwira. Woyera sadwalitsa mwana wa munthu.

Chimene chindibvuta koposa zonsezi ndi kasankhidwe ka oyera amene tiwaika pamaso pa akazi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, anatero makolo, ndipo nzoona. Koma ilipo nkhoswe yaulesi imene idziwa liu limodzi lokha, lakuti pirirani, ndipo ilinena ngakhale mkazi wafika ndi diso lotupa. Ndiopa kuti m'malangizo ambiri oyera tawasandutsa ankhoswe a mtundu umenewu. Titchula Monica, amene mwamuna wake Patricius anali waukali ndi wosakhulupirika, nabatizidwa pafupi kufa. Titchula Victoria Rasoamanarivo wa ku Madagascar, amene anakana kusiya mwamuna wake chidakwa, ndipo Papa John Paul II anamutcha Wodala pa 30 Epulo 1989, masiku owerengeka asanafike ku Malawi kuno. Zonsezi nzoona, koma ndi theka la nkhani. Monica yemweyo anaoloka nyanja kulondola mwana wake Augustine kufikira ku Milan, osapuma mpaka anamuona akubatizidwa mu 387. Victoria yemweyo ndiye anaimirira pamaso pa akulu a boma, nasunga matchalitchi otsegula pamene ansembe anapitikitsidwa pachilumbapo mu 1883. Akazi amenewa sanali mikeka yopondapo. Ndipo mlangizi adziwe kuti malamulo a Eklezia omwe aja a 1983 alola mkazi kapena mwamuna kupatukana ndi mnzake ngati moyo wake kapena wa ana uli pangozi, ngakhale kuti chimango cha ukwati sichimasuka. Dziko nalonso liri ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja. Wobisa zimenezi kwa mkazi womenyedwa, namuuza za Monica yekha, wanamiza mkaziyo ndipo wanamizira Monica.

Tisaiwalenso kuti unkhoswe pa wokha suyeretsa kanthu. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003, anathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dziko lake nabweza anawo kusukulu, ndipo maukwati ambiri otere anali ndi akulu amene anakhala pansi nabvomereza. Lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18. Msungwana wa m'kalasi mwanu akaleka kubwera, nkhoswe yoyamba imene iyenera kukupa mame ndinu.

Nanga amuna tiwapatsa yani? Tiwapatsa Yosefe, koma kawirikawiri monga nkhalamba yogwira duwa, yoima kumbuyo pachithunzi. Chikondwerero cha Banja Loyera chinafalitsidwa mu Eklezia yense mu 1921, nthawi yomwe mishoni za kuno zinali kulimbana ndi mphamvu ya atsibweni, ndipo chithunzi cha anthu atatu okha, bambo, mai ndi mwana, chinagwira nchito pa nkhondo imeneyo. Koma Uthenga Wabwino suonetsa banja lopanda abale: Maria athamangira kumapiri kwa Elizabeti mbale wake nakhalako miyezi itatu, ndipo Yesu atatsalira ku Yerusalemu makolo ake anayenda tsiku lathunthu osadandaula, poyesa kuti ali pakati pa abale ndi anansi a paulendo. Ndipo Mchewa ali ndi khomo lake lolowera kwa Yosefe limene Mzungu alibe. Mkamwini ali yense alera ana amene mwambo uti ndi a mbumba ya eni. Adziwa kuwawa kwake kwa kulimira, kubveka ndi kulipirira sukulu mwana amene pamlandu adzanenedwa wa mtsibweni. Yosefe analera Mwana amene sanali wa magazi ake, namutcha dzina, namthawitsa usiku kunka ku Ejipito, namphunzitsa nchito ya manja, osanena kuti mwana ngwa eni. Pamudzi pamene amuna ambiri ali ku Johannesburg, ena osatumiza ngakhale uthenga, Yosefe wotere afunika kuposa wa duwa uja.

Kwa inu makamaka alipo wina wa nchito yanu. Benedict Daswa, wa ku Venda m'dziko la South Africa, anabadwa mu 1946, nakhala mphunzitsi ndi mkulu wa sukulu ya pulaimale ya Nweli, ndiponso bambo wa ana asanu ndi atatu. Anansi ake anali kumseka chifukwa anali kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuchapa matewera pamodzi ndi mkazi wake. Mphezi zitatentha nyumba m'mudzi mwao, anthu anasonkha ndalama zokaombeza kuti apeze mfiti. Iye anakana kusonkha, nanena kuti mphezi ndi chilengedwe ndipo sangathandize kupha munthu wosalakwa. Anamdikira panjira namupha pa 2 Febuluwale 1990. Eklezia anamutcha Wodala pa 13 Sepitembala 2015, ndipo tsiku lomkumbukira ndi 1 Febuluwale, pakati pa dzinja, nthawi imene mphezi zing'anima pa phiri la Dedza ndipo ana a m'kalasi mwanu adzakhala akunong'onezana za amene wazitumiza.